Kutchula eni nthaka potsegula mwambo ku Australia: malangizo kwa amene wapatsidwa maikolofoni

Aliyense amene wakhalako ku Australia, kaya anapita pa sikolashipu, kaya ndi namwino, kaya anatsatira banja, akudziwa kuti kumeneko msonkhano suyamba chiyambeyambe. Ku yunivesite, kuchipatala, ku khonsolo, ngakhale pa mpira waukulu, amene watenga maikolofoni amayamba watchula mtundu wa anthu amene dera limenelo ndi lawo chiyambire makolo, n'kupereka ulemu kwa akuluakulu awo. Nyumba ya Malamulo ya ku Canberra nayo imatsegula zokambirana za tsiku ndi mawu amenewa, ndipo yakhala ikutero kuyambira mu 2010. Mwambowu amautcha Acknowledgement of Country.

Ukamangomvera ena akunena, zimaoneka zophweka. Zimavuta tsiku limene komiti ya chikondwerero cha 6 July yabwereka holo, yaitana khansala wa m'deralo ndi anzathu a ku Zambia ndi ku Zimbabwe, kenako n'kukuuzani kuti MC ndinu. Ambiri zikatere amakopera chiganizo pa intaneti usiku, kukacha n'kuchiwerenga mothamanga mutu uli pansi, dzina la mtundu n'kulipotoza, mwinanso n'kutchula mtundu wa dera lina. Ine ndimaona kuti kutero kumanyoza kuposa kukhala chete. Mawu enawo mutha kuwasintha mmene mungafunire, koma dzina la eni malo ndiye mutu wa nkhani, ndipo ntchito yambiri ya malangizo ano yagona pamenepo.

Choyamba, dziwani kuti inu simulandira alendo

Pali miyambo iwiri imene anthu amaisokoneza. Wina ndi Welcome to Country, ndipo umenewu amachita ndi mwini dera yekha: mkulu wa mtundu wa pamalopo, kapena wina amene akuluakulu a mtunduwo amulola. Ngakhale munthu wa chi Aboriginal (dzina lotchulira mitundu ya eni nthaka a ku Australia) wochokera dera lina sachita Welcome pa nthaka ya eni ake. Winawo ndi Acknowledgement, umene aliyense, mzungu, Mmalawi, Mmwenye, angathe kunena. Wanu ndi wachiwiriwu.

Kusiyanaku kuli ndi mizu yakale. Azungu asanafike, mtundu uliwonse unali ndi malire ake, ndipo munthu sankangodutsa pa nthaka ya ena. Ankaima kaye n'kupempha, eni ake n'kumulandira, kumutsimikizira chitetezo ndi kumuuza zoyenera kupewa. Mitundu ya Kulin, ya kumene kuli Melbourne lero, inali ndi mwambo wotere wotchedwa tanderrum. Welcome ya masiku ano, yapapulatifomu, ambiri amati inayamba mu 1976 ku Perth, pamene Ernie Dingo ndi Richard Walley analandira ovina ochokera ku zilumba za Pacific amene anafuna kulandiridwa mwamwambo asanavine pa nthaka ya eni.

Kwa ife izi sizachilendo. Munthu wobwera sachititsa msonkhano m'mudzi asanaonekere kwa nyakwawa, ndipo ngakhale atakhala ndi ndalama zotani, saimirira pabwalo n'kunena kuti “takulandirani m'mudzi muno” amfumu ali chikhalire. Choncho mukhoza kulandira anthu ku chikondwerero chanu, chifukwa phwandolo ndi lanu, koma musanene kuti mukuwalandira pa nthaka ya a Gadigal kapena a Kaurna. Pa pulogalamu musalembenso Welcome to Country pamene wolankhula ndinu.

Chachiwiri, pezani dzina lenileni la eni malo

Funso si lakuti muli mumzinda uti. Funso ndi lakuti holoyo ili pati. Atsamunda akufika mu 1788 ku Australia kunkalankhulidwa zinenero zoposa 250, ndipo mizinda ikuluikulu ya lero inamangidwa modutsa malire a mitundu ingapo.

Taonani Sydney. Pakati pa mzinda, kumene kuli Opera House, ndi kwa a Gadigal a mtundu wa Eora. Koma anthu athu ambiri amakhala ndi kuchitira zinthu kumadzulo, ku Blacktown ndi ku Parramatta, ndipo kumeneko ndi kwa a Dharug. Wotchula a Gadigal ali mu holo ya ku Blacktown wapereka moni pakhomo lolakwika. Ku Melbourne nkhani yake ndi yomweyo. Kuyambira pa 1 July 2021 pali malire ovomerezeka odutsa mumzindawo: pakati pa tauni, Richmond ndi Hawthorn ndi kwa a Wurundjeri Woi-wurrung, pomwe St Kilda, Albert Park ndi Caulfield ndi kwa a Bunurong. Onsewa ndi a Kulin, koma si amodzi.

Kwina n'kosavuta kwambiri. Perth ndi kwa a Whadjuk a mtundu wa Noongar, Adelaide kwa a Kaurna, Darwin kwa a Larrakia, Alice Springs kwa a Arrernte, Geelong kwa a Wadawurrung, Wollongong kwa a Dharawal. Ku Newcastle amatchula a Awabakal ndi a Worimi. Koma musangodalira mndandanda wangawu. Tsatani njira iyi.

Yambani ndi webusaiti ya khonsolo ya dera limene kuli holoyo. Makhonsolo ambiri amalemba mawuwa kumunsi kwa tsamba loyamba. Mukapita kukaona holo musanalipire, yang'anani pakhomo ndi m'khonde, chifukwa nyumba zambiri za khonsolo, masukulu ndi matchalitchi zili ndi chikwangwani chotchula eni nthaka. Chijambuleni pa foni.

Kenako tsimikizani ndi bungwe la eni ake. Ku New South Wales kuli ma Local Aboriginal Land Council, ndipo la pakati pa Sydney ndi Metropolitan Local Aboriginal Land Council. Ku Victoria kuli mabungwe otchedwa Registered Aboriginal Parties, lililonse ndi dera lake, ndipo boma la kumeneko lili ndi mapu a pa intaneti amene mumangolembapo adiresi. Kummwera chakumadzulo kwa Western Australia kuli South West Aboriginal Land and Sea Council. Imelo yaifupi imakwana: tili ndi mwambo pa adiresi yakuti, tikufuna kutchula eni malo molondola, titchule ndani? Funso lotere amalilandira kawirikawiri, ndiye musachite nalo manyazi. Paja safunsa anadya phula.

Mudzaonanso mapu okongola amitundumitundu a bungwe la AIATSIS, amene amapachikidwa m'masukulu ndi m'malaibulale. Anatuluka mu 1996. Ndi abwino poonetsa ana kuchuluka kwa mitundu, koma bungwelo limachenjeza lokha kuti malire ake si enieni. Musawagwiritse ntchito pogamula kuti msewu wakuti ndi wa yani.

Nanga kumene eni ake sakugwirizana? Kulipo. Ku Brisbane amatchula a Turrbal ndi a Jagera, ena amalemba Yuggera. Ku Canberra boma la mzindawo linkatchula a Ngunnawal okha, mpaka mu 2023 pamene linapepesa kwa mabanja a Ngambri atapita nalo kukhoti, ndipo tsopano limavomereza kuti pali mabanja enanso amene ali ndi mizu pamalopo. Mikangano yotereyi inabwera chifukwa anthu anasamutsidwa mokakamiza, kusakanizidwa m'mamishoni ndi m'makampu, zolembedwa n'kusokonekera. Si yanu kuti muiweruze. Tsatani mmene khonsolo ikunenera, ndipo ngati mwafufuza koma simukutsimikiza, nenani mosatchula dzina kuti mukupereka ulemu kwa eni nthaka imene mwasonkhanapo. Zimenezo n'zololedwa, ndipo zili bwino kusiyana n'kungolota.

Chachitatu, phunzirani kulitchula

Kalembedwe ka mayinawa kamapusitsa. Kaurna amati “Gana”, mokoka a woyambayo. Arrernte amati “Aranda”. Wurundjeri mphamvu ili pa “ran”, osati kumapeto. Pezani vidiyo pa YouTube imene mkulu wa mtunduwo akulankhula yekha, mverani kangapo, dzijambuleni pa foni, yerekezani. Pa pepala lanu lembani dzinalo kawiri: mmene limalembedwera, ndi mmene limamvekera m'Chichewa.

Pano tili ndi mwayi umene azungu alibe. Mayina ambiri oyamba ndi Ng, monga Ngarrindjeri, amayamba ndi liwu lomwe lija la mu ng'ombe ndi ng'oma. Wolankhula Chingerezi lilime limamukanika pamenepo, ife ayi.

Chachinayi, dziwani chimene mukuvomereza

Simukufunika kukamba mbiri pa maikolofoni, koma mwana wanu kapena mlendo wongofika kumene adzakufunsani kuti zimenezi n'zachiyani, ndipo yankho loti “ndi mmene amachitira kuno” ndi lochititsa manyazi.

Anthu a chi Aboriginal akhala ku Australia zaka zoposa 60,000. A ku zilumba za Torres Strait, pakati pa Queensland ndi Papua New Guinea, ndi anthu ena paokha, a chikhalidwe ndi mbendera yawo, n'chifukwa chake amatchulidwa padera. Mu 1770 James Cook analengeza kuti gombe lakummawa ndi la mfumu ya Britain. Pa 26 January 1788 zombo za Arthur Phillip zinakocheza pa nthaka ya a Gadigal. Panalibe kugula, panalibe pangano. Lamulo linatenga dzikolo ngati lopanda mwini, chimene amachitcha terra nullius. Mu 1835 John Batman anayesa kupangana ndi akuluakulu a Wurundjeri za malo a ku Melbourne, koma bwanamkubwa Richard Bourke anathetsa panganolo ponena kuti nthaka yonse ndi ya ufumu wa Britain, ndiye palibe amene angaigule kwa anthu akudawo. Yerekezani ndi New Zealand, kumene Britain inasainirana ndi mafumu a Māori pangano la Waitangi mu 1840.

Zotsatira zake zinali nkhondo za m'malire, kuphedwa kwa anthu m'magulumagulu, matenda, ndi kuthamangitsidwa. Kuyambira cha m'ma 1910 mpaka m'ma 1970, maboma ndi mamishoni ankalanda ana kwa makolo awo. Anawo, amene ambiri akali moyo, ndi amene amatchedwa Stolen Generations, ndipo nduna yaikulu Kevin Rudd inawapepesa m'Nyumba ya Malamulo pa 13 February 2008. Dzulo lake, pa 12 February, ndi pamene Nyumbayo inatsegulidwa ndi Welcome to Country kwa nthawi yoyamba, motsogozedwa ndi mayi Matilda House. Kufikira riferendamu ya 1967, imene anthu oposa 90 pa 100 alionse anavomera, malamulo aakulu a dzikolo ankati anthu a chi Aboriginal asawerengedwe m'chiwerengero cha anthu.

Bodza la nthaka yopanda mwini linagwa pa 3 June 1992, pamene khoti lalikulu linagamula mlandu wa Eddie Koiki Mabo wa pachilumba cha Mer. Mwini mlandu anali atamwalira mu January chaka chomwecho. Chigamulocho chinati umwini wa makolo unalipo ndipo m'madera ena ukadalipo, ndipo lamulo la Native Title Act linatsatira mu 1993. Koma khotilo silinakhudze funso lakuti Britain inatenga bwanji ulamuliro. Apa ndi pamene pachokera mawu amene mudzawamve kawirikawiri, akuti ulamuliro wawo sanaupereke kwa wina aliyense. Chikalata chimene nthumwi za eni nthaka zinalemba mu 2017 ku Uluru, thanthwe lalikulu la pakati pa dzikolo, chinanena zomwezo, n'kuwonjezera kuti ulamuliro wa eni nthaka ukukhala limodzi ndi wa ufumu wa Britain. Boma lalikulu la Australia silinasainirepo pangano ndi eni nthaka mpaka pano. Boma la chigawo cha Victoria, kumene kuli Melbourne, ndilo linayamba, mu 2025.

Pa kalembera wa 2021 anthu oposa 812,000, kapena kuti 3.2 pa 100 alionse, anadzitchula kuti ndi a chi Aboriginal kapena a ku Torres Strait. Ambiri amakhala m'mizinda ndi m'matauni, osati m'chipululu, ndipo ena ndi oyera khungu. N'kutheka kuti wosamalira holo amene wakutsegulirani chitseko ndi mmodzi wa iwo. Musayese kuweruza ndi maso, ndipo musafunse munthu kuti magazi ake ndi a chi Aboriginal mochuluka bwanji. Funso limenelo ndi limene boma linkagwiritsa ntchito posankha ana oti liwalande.

Chachisanu, lembani mawu anu

Palibe chiganizo chokhazikitsidwa ndi lamulo. Zofunika ndi zitatu: dzina la eni malo, kuvomereza kuti ubale wawo ndi nthakayo ukupitirira, ndi ulemu kwa akuluakulu. M'Chingerezi, kwa amene ali ku Perth, chachifupi chimamveka chonchi: “I acknowledge the Whadjuk people of the Noongar nation, the Traditional Owners of the land we meet on, and pay my respects to their Elders past and present.”

Pa mwambo wathu ndikulangiza kuti munene m'zinenero zonse ziwiri, chifukwa agogo amene abwera kudzalera mdzukulu nawonso ayenera kumva. M'Chichewa mutha kunena motere:

“Tisanayambe chilichonse, tikumbukire kuti holo tilimoyi yaima pa nthaka ya a Whadjuk, a mtundu wa Noongar. Iwowa ndiwo akhala akusamalira nthaka ino ndi mtsinje wa Derbarl Yerrigan kwa zaka zikwizikwi, ndipo akusamalirabe. Tikupereka ulemu kwa akuluakulu awo, amene anatsogola ndi amene ali moyo, komanso kwa aliyense wa chi Aboriginal kapena wa ku Torres Strait amene tili naye muno. Ife tinachokera kutali, ana athu akukulira pano, akumwa madzi a pano. Tikudziwa kuti nthaka imeneyi eni ake sanaipereke kwa munthu.”

Derbarl Yerrigan ndi mtsinje wa Swan. Kutchula chinthu chimodzi cha pamalopo, mtsinje, phiri kapena dzina lakale la mzinda, kumaonetsa kuti simunangokopera. Melbourne ndi Naarm, Brisbane ndi Meanjin, Perth ndi Boorloo, Adelaide ndi Tarntanya. Kwa eni ake dziko si dothi lokha ayi. Ndi madzi, mlengalenga, nyama, makolo ndi malamulo a makolowo pamodzi, ndipo amalikamba ngati wachibale wofunika kumusamalira. N'chifukwa chake kutchula madzi si kukometsera chabe.

Samalani ndi nthawi ya mneni. “Ankakhala kuno” ikutanthauza kuti anatha. Nenani kuti alipo. Musati “ma Aboriginal athu”, si anu, ndipo si a Australia ngati katundu. Mawu akuti Aborigines ambiri sawakondanso, ndipo chidule cha ATSI n'cha m'mafomu a boma, osati chotchulira anthu. Polemba pa pulogalamu, Aboriginal, Elders ndi Traditional Owners ziyambe ndi zilembo zazikulu. Mudzamvanso ena akuwonjezera “emerging” pa akuluakulu, kutanthauza a mtsogolo. Mabungwe ena a eni nthaka sagwirizana nazo, poti ukulu amapereka ndi anthu a mtunduwo, munthu sadziika yekha pamzere. Kusiya liwulo sikulakwika kulikonse.

Chiganizo chomaliza chija, chakuti sanaipereke, kambiranani mu komiti musanachinene. Ena adzati ndi ndale. Maganizo anga ndi akuti pa 6 July chimakhala pamalo pake. Tasonkhana kukondwerera kuti mu 1964 mbendera ya Britain inatsika ku Nyasaland, ndiye n'zovuta kuvina usiku wonse osatchulako kuti amene tikuvina pa nthaka yawo tsiku lotero sanalione. Koma apa pali dzenje limene Aafirika timagweramo. Musatembenuze mawuwo kukhala nkhani yathu, n'kuyamba kuti “ifenso ndife akuda, tikumvetsa”. Kwathu bwanamkubwa anapakira n'kupita, chinenero tili nacho, mafumu tili nawo, ndipo ndife ochuluka m'dziko lathu. Ku Australia tinalowa ndi viza yoperekedwa ndi boma lomwe lija limene eni nthaka akulimbana nalo. Mbiri zathu zimakhudzana, koma pa nthaka iyi ifenso ndife obwera.

Kutalika kwa mawu onsewo kusapitirire mphindi imodzi. Lowezani, kuti maso akhale kwa anthu.

Chachisanu ndi chimodzi, ikani pamalo pake mu pulogalamu

Mawuwa amakhala oyamba, nyimbo za fuko ndi malonje a alendo olemekezeka zisanachitike. Mndandanda wathu uja wa “ndilemekeze a kazembe, a tcheyamani, abusa” ubwere pambuyo. Ndipo anenedwe kamodzi. Tili ndi chizolowezi chakuti wolankhula aliyense abwereze ulemu wonse kuyambira pamwamba, ndiye mukalekerera, anthu asanu ndi awiri adzawerenga chiganizo chimodzimodzi mpaka chitasanduka phokoso. Auzeni olankhula enawo kuti zanenedwa kale.

Nanga pemphero? Magulu ambiri amayamba ndi Acknowledgement, pemphero n'kutsatira. Ngati ndi mapemphero a mpingo, itha kunenedwa pa nthawi ya malonje kapena kusindikizidwa pa pepala la dongosolo. Pamakhala m'bale wina wodandaula kuti kutchula akuluakulu amene anatsogola n'kupembedza mizimu. Muuzeni modekha kuti palibe amene akupemphedwa kanthu. Ndi ulemu, monga timaimira mphindi imodzi kukumbukira omwalira. Anthu ambiri a chi Aboriginal ndi Akhristu, ndipo mipingo ikuluikulu ya kumeneko imanena mawuwa.

Pa msonkhano wa pa Zoom tchulani nthaka imene inu mwakhalapo, osati kumene kuli likulu la bungwe, kenako pemphani ena alembe yawo mu chati. Amene akulowa ali ku Lilongwe safunika kutchula kanthu.

Mukafuna kupachika mbendera, khonsolo ikhoza kukubwerekani. Ya chi Aboriginal, imene Harold Thomas anajambula ndipo inakwezedwa koyamba mu 1971, chakuda chimakhala pamwamba, chofiira pansi, dzuwa lachikasu pakati. Ya ku Torres Strait, ya Bernard Namok ya mu 1992, ipachikidwe limodzi nayo. Wina wa mu komiti aone zimenezi anthu asanalowe, poti mbendera yozondoka imaoneka pa chithunzi chilichonse.

Mwambo ukakhala waukulu, itanani mwini malo

Ngati mwaitana kazembe, phungu kapena meya, kapena mwambowo uli pabwalo la anthu onse, ndi bwino kupempha Welcome to Country yeniyeni. Pitani kudzera ku bungwe la eni nthaka lija, osati kwa mnzanu wa kuntchito chifukwa choti ndi wa chi Aboriginal. Kumupempha iye n'kumuika pamalo ovuta.

Pemphani msanga, miyezi ingapo tsiku lisanafike. Sabata ya NAIDOC, imene dziko lonse limakondwerera chikhalidwe cha eni nthaka, imayamba Lamulungu loyamba la July, ndiye nthawi zambiri 6 July imagwera mkati mwake. Sabata imeneyo akuluakulu amakhala ataitanidwa m'masukulu ndi m'maofesi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Chimodzimodzi kuyambira pa 27 May mpaka 3 June, sabata ya chiyanjanitso.

Welcome imalipiridwa. Funsani mtengo, pemphani inivoisi, ikani mu bajeti limodzi ndi DJ ndi holo, ndipo musanenerere. Ngati DJ mumamulipira osang'ung'udza, musayembekeze kuti mkulu wa zaka 70 ayende ulendo wautali kudzakutumikirani ulere. Mukafuna kuvina kapena mwambo wa utsi, zimenezo zili ndi mtengo wake. Mwambo wa utsi amawotcha masamba aawisi, nthawi zambiri a bulugamu, m'chotengera chamtengo, anthu n'kumadutsa mu utsimo. Umafuna panja, ndipo woyang'anira holo adziwe, apo ayi alamu ya moto idzalira nsima isanaphikidwe.

Uzani bungwelo kuti ndinu ndani ndipo mukukondwerera chiyani, kuti mkuluyo akonze mawu oyenera. Tsikulo musungireni poimika galimoto pafupi, pakhale munthu womuchingamira, mpando wakutsogolo ndi madzi. Mufunseni mmene akufunira kutchulidwa. Akuluakulu ambiri amatchedwa Uncle kapena Aunty patsogolo pa dzina, koma dikirani akuuzeni okha. Mufunsenso ngati akulola kujambulidwa ndi kuikidwa pa Facebook. Akayamba kulankhula, MC asaime pambali akuyang'ana wotchi, ndipo ana atonthozedwe. Akamaliza, wolankhula wotsatira athokoze ndi kunena Acknowledgement yaifupi, ngati kuyankha. Mupempheni adye nanu, koma akakhala ndi kwina musamukakamize.

Khalani ndi mawu anu m'thumba ngakhale mwaitana mkulu. Kukagwa maliro m'mtundu mwawo, chimene amachitcha sorry business, zonse zimaima ndipo sabwera. Mmalawi safunika kumufotokozera zimenezo. Dziwaninso kuti m'madera ambiri, makamaka kumpoto ndi pakati pa dzikolo, dzina ndi chithunzi cha womwalira sizitchulidwa kapena kuonetsedwa kwa kanthawi. Ngati mkulu amene anabwera chaka chatha wamwalira, funsani banja kapena bungwe musanaonetse vidiyo yake.

Mu komiti mukabuka mtsutso

Musadabwe. Aaustralia nawonso sagwirizana pa nkhaniyi. Pa riferendamu ya 14 October 2023, yofuna kuika m'malamulo aakulu bungwe lolankhulira eni nthaka ku Nyumba ya Malamulo, anthu pafupifupi 60 pa 100 alionse anakana, ndipo chichokere apo mawu odandaula kuti miyamboyi yachuluka akumveka kwambiri. Pa Anzac Day ya 2025, tsiku lokumbukira asilikali ankhondo, ku Melbourne ena anakuwiza mkulu ali mkati mwa Welcome. Senator Jacinta Nampijinpa Price, yemwe ndi wa chi Aboriginal, ndi mmodzi mwa amene amati miyamboyi yanyanya. Kumbali inayo kuli eni nthaka amene amati mawuwa asanduka chophimba, poti wonena amapita kwawo mtima uli mbee, nthaka osabwezedwa.

Palibe lamulo lokakamiza gulu lanu kunena mawuwa, ngakhale kuti khonsolo ikakuthandizani ndi ndalama nthawi zina imayembekezera. Ndiye gwirizanani poyera. Mukasankha kunena, anene munthu amene akukhulupirira, osati amene adzanene akuseka kapena kuwonjezera kuti “poti amatikakamiza”.

Chotsatira pa mawuwo

Mu May 2020 kampani ya migodi ya Rio Tinto inaphulitsa mapanga a ku Juukan Gorge ku Western Australia, kumene kunali umboni wakuti anthu anakhalako zaka 46,000 zapitazo. Eni ake, a Puutu Kunti Kurrama ndi a Pinikura, anali atadandaula. Kampaniyo inali ndi ndondomeko yolembedwa bwino ya chiyanjanitso, yovomerezedwa ndi bungwe la Reconciliation Australia, limene linaichotsa pa mndandanda wake zitachitika. Odandaula kuti mawu okha ndi chophimba amaloza zinthu ngati zimenezi.

Gulu laling'ono la Amalawi silingabweze nthaka, koma lili ndi zochita zogwirika. Pofuna wojambula, wosindikiza matisheti kapena wobwereketsa mipando, yang'anani kaye m'kaundula wa Supply Nation, wa mabizinesi a eni nthaka. Mphatso zopita nazo kumudzi, monga zojambula zamadontho ndi mabumerang'i, gulani kumalo a zaluso a eni ake, poti zambiri za m'masitolo a alendo n'zopangidwa kunja ndipo eni luso sapezapo kanthu. Tengani ana ku zochitika za NAIDOC za m'dera lanu, zambiri n'zaulere. Ulendo wa gulu ukakhala wopita ku Uluru, auzeni anthu asananyamuke kuti kukwera thanthwelo kunaletsedwa pa 26 October 2019, patatha zaka 34 chibwezere malowo kwa a Anangu, ndiponso kuti pali mbali zina zoletsedwa kujambula. Musakonze phwando la gulu pa 26 January, tsiku lija zombo za Arthur Phillip zinakocheza, mosaganiza, chifukwa kwa eni nthaka ambiri limenelo ndi tsiku la maliro. Anamwino ndi ogwira ntchito yosamalira okalamba, maphunziro a chikhalidwe amene kuntchito amapereka aja musangodina mpaka kumapeto kuti mupeze satifiketi, poti ena mwa okalamba amene mukuwasambitsa ndi ana aja analandidwa.

Mwambo ukatha, mlembi wa komiti asunge mufayilo dzina la mtundu, katchulidwe kake, mawu amene munanena, imelo ya bungwe ndi mtengo umene munalipira, kuti komiti ya chaka chamawa isayambirenso pachiyambi. Pamwamba pa pepalalo alembe adiresi ya holo, ndi chenjezo lakuti akasintha holo afufuzenso dzina.